Malo Atatu Amene Anasiya M'nyimbo

Nthawi ikuthamangira 10 koloko ndipo kunja kwachita mitambo, choncho mbiriyi ndiifupikitsa mvula isanatipeze.

Malemu alamu anga, amene ambiri munkawadziwa kuti a Kamphepo, anabadwa pa 9 Meyi 1979, achitatu m'banja la ana asanu. Anamaliza sekondale mu 1998. Aphunzitsi ankadandaula kuti mayeso amakhoza ndithu, koma desiki amaisandutsa ng'oma.

Mu 2003 anakwatira achemwali anga. Chaka chomwecho oimba anayi a hip hop, aliyense mtsogoleri wa gulu lake, anthu amene ankanyozana m'nyimbo mpaka kutchulana zidendene zong'aluka, anagwirizana zopanga gulu limodzi. Malemu anali mmodzi mwa iwo. Anthu anangowatcha Anayi Aja. Ankajambulira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonzera mawailesi, makoma atawakuta ndi matiresi akale.

Gululo linatha mu 2009. Sanayambane ayi. Wina anapita kunja, wina anakhala mbusa, wina anayamba kuyendetsa magalimoto a katundu. Malemu anatsala ndi shopu ija. Akazi awo atamwalira mu 2016, ankadyera komweko, patebulo la mawaya.

Chaka chatha, impso zitayamba kuvuta, anajambula nyimbo imodzi motsata lamulo lakale la gululo: woyamba amaimba ndime yake, n'kusiyira anzake malo, ng'oma zikulira zokha. Anasiya malo atatu, natumiza nyimboyo kwa anzawo aja. Ndime zawo sizinabwere, koma malemu sankadandaula. Kungoti kuchipatala foni ankaigoneka pachifuwa, ndipo ikalira ankayamba akonza kukhosi asanayankhe. Kawirikawiri ankakhala makasitomala ofunsa za mawailesi awo. Anatisiya Lachiwiri lapitali, malo aja akadali choncho.

Asiya ana awiri ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza anamwino, aneba, komanso adalaivala aja, mmodzi yekha mwa atatuwo amene wafika m'mawa uno. Anawa anawapempha kuti aimbe ndime yawo pano. Ayesera kuseri kwa nyumba, mawu akana. Ati anyamula nawo bokosi, kenako abwerere kuntchito, poti galimoto aisiya pamsewu ndi katundu wa eni ake.

Choncho nyimboyo tiiyika mmene ilili. Mawu a malemu akasiya, chonde musadzuke, ikhala isanathe.

A Kamphepo, alamu anga, pumulani mumtendere.