Bambo wa Patebulo Apite Gulu Liti

A Mafayilo, omwe anasunga mafayilo a kampani ina zaka makumi atatu osataya ngakhale kapepala kamodzi, analowa mushopu ya mlamu wawo telala thukuta lili kamukamu. Awiriwa ankathandiza nawo kulemba wiki, buku la pa intaneti losunga mbiri ya mamimu, zithunzi zanthabwala zija anthu amatumizirana pafoni atalembapo mawu awoawo, ndipo tsiku limenelo telalayo, mng'ono wa akazi awo, ndi amene anapatsidwa ntchito yosankhira gulu tsamba lina latsopano.

Chithunzi cha patsambalo chinali chitazungulira dziko lonse. Bambo wa suti wakwera patebulo, wayang'ana kukhoma ali chiweramire, nsapato imodzi yavuka, ndipo pansi paima nkhukundembo itadzifufumitsa. Ena ankalembapo kuti "Apongozi akabwera osanena," ena kuti "Abwana akati tionane kuofesi." Nkhope siinkaoneka, koma a Mafayilo ankaidziwa bwino, poti ankaimeta ndevu m'mawa uliwonse. Ankadziwanso kuti tsambalo likangolowa gulu la Anthu Osadziwika, akatswiri a miseche a pa wikiyo sapuma mpaka atalipeza dzina la munthuyo. Mkulu wa malamulo a pa wikiyo wathunthu anali ndi mantha ngati mwana woswa mbale.

"Alamu, tsamba lija muliike ku Nyama," anatero asanakhale n'komwe.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ku Nyama."

Telalayo anachotsa mapini awiri pakamwa, n'kusendeza nsalu kuti laputopu ipeze pokhala.

"Lamulo limati tsamba limodzi, gulu limodzi, ndipo chimene chatenga malo aakulu pachithunzi ndicho mwini tsamba."

"Musandiwerengere, ndinalemba ndine limenelo. Fayilo silikhala m'madirowa awiri."

"Ndiye tiyeze."

Anavula tepi m'khosi n'kuitambasula pagalasi la laputopu, diso limodzi atatsinzina.

"Nkhukundembo, mainchesi awiri. Bamboyu, kumbuyo kokhaku, anayi ndi theka."

"Aa, ndi kamera imeneyo! Imakuza zinthu."

"Yakuza bambo yekhayu? Nkhukundembo yaisiya?"

A Mafayilo anakhala pansi pa kampando ka makasitomala, n'kuyamba kudzipepeza ndi magazini ya masitayilo.

"Chabwino, lamulolo ndalisintha. Mwini tsamba ndi amene wayambitsa nkhani. Ndiye anayamba ndani apa? Si mbalameyo?"

"Kaya. Pachithunzi yangoima. Amene akuchita kanthu ndi bamboyu."

"Inamuthamangitsa!"

"Umboni? Paja mumatikalipira kuti pa wiki sitilemba za m'mutu."

"Inu alamu, munthu wanzeru zake angakwere patebulo popanda chifukwa?"

"Wanzeru zake, ayi." Anayamba kutayipa ndi zala ziwiri. "Munthu... wopanda... nzeru..."

"Musalembe zimenezo!"

"Mwanena ndinu."

"Fufutani!"

Anafufuta, osafunsa. Ndi khalidwe lake limeneli lomwe linkawatopetsa a Mafayilo. Mayiyu ukamuuza kuti dula apa, amadula pomwepo, ngakhale chala chako chili pansi pa sizasi.

"Komanso mukasintha lamulo," anapitiriza telalayo, "masamba mazana anayi tiwayambirenso. Ndilembere anzathu kuti mwalamula choncho?"

"Musalembere aliyense. Tamverani." Anasendeza kampando kaja, maso akuwala ngati atola nzeru pamsewu. "Chimene mwayezacho si munthu. Ndi thalauza."

"Zoona."

"Eyaa! Ndiye lipite ku Zovala."

"Likanakhala pahang'ala, bwenzi ndaliika kale. Koma lili ndi munthu m'kati." Anakuza chithunzicho, n'kugwedeza mutu monyansidwa. "Ndipo taonani manyazi akewo. Msoko ukuchita kulira. Munthu wa fote-thuu wadzikakamiza mu sate-eyiti."

"Sate-eyiti ndi saizi yake yeniyeni!"

"Mwadziwa bwanji?"

"Maso. Ndili ndi maso."

Anakokera mimba m'kati mwakachetechete, koma mimba ya munthu wopuma ntchito simvera malamulo.

"Musadzivutitse, alamu," anatero telalayo. "Ndingoliika ku Anthu Osadziwika, pofika mawa adzakhala atamupeza. Mayi uja anagwera mukeke anamupeza pa maola atatu, mpaka dzina la msewu wa kwawo."

"Dikirani kaye!"

"Inenso ndikufuna ndimuone nkhope. Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, kuthawa nkhuku! Mkazi wake amayenda bwanji pamsewu? Ndikanakhala ine, bwenzi ndalongedza kalekale."

"Si nkhuku!"

"Nkhuku, nkhukundembo, zonse n'zansuzi."

"Inali yamphongo, yolemera ngati mwana wa zaka ziwiri, ndipo inandijompha kawiri pakatumba ndisanakwere n'komwe patebulopo!"

Kunja galimoto inadutsa ikuliza hutala.

"Inakujomphani?" anafunsa telalayo.

A Mafayilo anagwira chipumi ndi manja onse. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, osati aja ankaopseza nawo anthu pa wiki.

"Paphwando londitsanzika kuntchito. Anandipatsa ngati mphatso, ndiye chingwe chinamasuka. Achemwali anu sakudziwa. Chithunzichi amachiseka mpaka misozi, ine ndili pompo, ndikuseka nawo. Chonde, alamu. Ndagwira mwendo wanu."

Telalayo sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anangonyambita chala ngati akutsegula buku, n'kupita patsamba la malamulo.

"Ndiye nkhani yasintha. Munthu wadziwika, sangapitenso ku Anthu Osadziwika."

"Eya, eya."

"Latsala gulu la Anthu Otchuka. Lamulo nambala seveni: munthu kuti alowe mmenemo, akhale atalembedwapo m'nyuzipepala katatu. Munalembedwapo?"

"Kamodzi. Ukwati wathu."

"Zodzilengeza wekha siziwerengedwa. Munaonjezera nokha mawu amenewo, chaka chatha."

"Ndinkanena oimba aja odzilembera masamba."

"Apa sipakunena za oimba. Ndiye kuti pachithunzipa palibe munthu woti n'kumulemba." Anadina batani. "Lapita ku Nyama. Mwawina, alamu."

Anabwezera mapini pakamwa n'kubwerera kumakina ake.

Apa munthu wina aliyense akanathokoza n'kumapita. A Mafayilo anapumadi mpweya wautali, anaimirira, anakonza lamba. Koma zaka makumi atatu zosatulutsa fayilo usanaliwerenge si masewera. Anavala magalasi n'kuwerama palaputopu.

"Nkhukundembo yotchuka pa intaneti," anawerenga mokweza. "Chithunzi chake chaonedwa ndi anthu mamiliyoni atatu. Zina zooneka pachithunzi: tebulo, mipando iwiri, nsapato, bambo wina."

Anawerenganso, milomo yokha ikugwedera.

"Bambo wina?"

"Mm."

"Pambuyo pa nsapato?"

"Ndayambira zooneka bwino," anayankha m'mano muli mapini.

"Mamiliyoni atatu?"

"Ndi kupitirira."

"Ndiye anthu onsewo akuseka ndani? Mbalame? Mbalame yangoimayo, yosachita kanthu? Mwanena nokha!"

"Lamulo ndi lanu, alamu."

"Anajomphedwa ndani? Anadumpha ndani, ndi bondo lodwalali, kuchoka pansi mpaka patebulo osagwira paliponse? Ikanakhala yokha pachithunzipo, akanaitumizira mnzake ndani? Chinthu choti tinachidya sabata yomweyo!"

Makina anayamba kulira. A Mafayilo anamenya tebulo lodulira nsalu mpaka choko chinagwa pansi.

"Zimitsani chimakinacho! Chotsani tsambalo ku Nyamako, mulembe dzina langa lonse ndi zilembo zikuluzikulu. Kunyumba ndili ndi chithunzi china chooneka nkhope."