Chimbale cha Atate Chinapulumuka Madzi a ku Kanyama

"Matiresi yanyowa, imwe mufunsa chimbale?" anandikalipira mkazi wanga, madzi a mvula atalowa m'nyumba mwathu ku komboni ya Kanyama mpaka m'mawondo.

Omvera anzanga, chimbalecho anandisiyira malemu atate. Ndi cha magitala aukali a Zamrock, amene anagwedeza Zambia yonse ine ndili khanda. Lero ngakhale azungu amachisaka osachipeza. Pansi pa bedi, pomwe ndinkachisunga, ndinangogwira matope. Ndinalalata mpaka mawu anasasa.

"Yang'anani kumwamba, bamuna bokalipa imwe!" anatero mkazi wanga.

Anali atachikulunga m'pulasitiki n'kuchisomeka kudenga, zovala zake za kutchalitchi n'kuzisiya m'madzi. Mtima wanga unakhala pansi, manyazi n'kundigwira.

M'mawa mwake ndinakatunga madzi, n'kuchapa ndekha zovalazo pabwalo, azimayi odutsa akundiseka.