Makina Osokela pa Dooko la Luangwa

Pa dooko la Luangwa kwa Nyalugwe, m'zaka za Chitaganya, amisili anali kumata bwato long'ambika. Amai ena anafunsa bambo wokhala pabokosi.

"Mwafika lelo, bambo?"

"Iyayi amai, mwezi watha. Ndachokela ku migodi ku Wankie."

"Mwezi! Osaoloka ndi kabwato ka asodzi bwanji?"

"M'bokosimu muli makina osokela a mkazi wanga. Kabwato kaja kangawapeleke kwa ng'ona."

"Koma amisiliwa ulesi! Ine ndikanawatukwana kale."

"Alekeni amate bwino. Mkazi wanga amabwela tsidya ilo m'mawa uliwonse. Iye amakweza m'mwamba mwana wathu amene sindinamugwilepo, ine ndimakweza makina."

"Basi?"

"Dzulo sanamukweze, mwanayo anaimilila yekha. Bwatoli likamatha, ameneyo adzandichingamila ndi miyendo yake."