Msonkhano wa Sikimu Wopanda Wapampando

— Halo?

— Halo, alamu a Falesi? Ndine Gervazio.

— Alamu, mwadzuka bwanji ku Dedzako?

— Ndadzuka bwino, kaya inu ndi ana ku Bembeke?

— Tonse tili bwino, chisanu chokha. Nanga bondo lija?

— Adokotala akuti ndingathe kubwerera mawa. Abambo a Sandra ali bwanji?

— Ali kudimba, akupopera kachewere. Mukumveka patali, tasunthani pang'ono.

— Ndatuluka pakhonde. Pano?

— Eya, pamenepo.

— Ndimati ndimve za mbuzi zanga.

— Mbuzi zikudya bwino. Koma alamu, mukuthera mayunitsi pa mbuzi, kapena mukufuna za msonkhano wa sikimu yathu ya ulimi wothirira?

— Kodi unachitika? Ine wapampando ndili kuchipatala?

— Unachitika. Anautsogolera George.

— George. Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo.

— Yemweyo. Chibwerereni ku maphunziro aja ku Lilongwe, anthu akumumvera.

— Maphunziro amene ankayenera kupita wapampando. Chabwino. Wabwera ndi nzeru zotani?

— Anatola kamtengo n'kujambula bwalo lalikulu pansi, panja pa tchalitchi. Akuti onse amene amagamula za madzi a m'ngalande alowe mkati. Analowa a komiti. Kenako akuti amene mbewu zawo zimafota madzi akachepa, koma pogamula sakhalapo, aime kunja.

— Masewera a kusukulu ya mkaka.

— Mwina. Koma kunjako kunadzaza. Anthu onse a kumunsi kwa ngalande, a Zikhalo ndi abale awo.

— A Zikhalo anabwera? Chiyambireni sikimu sanapondepo pamsonkhano. Ndakhala ndikunena kuti a kumunsi ndi amphwayi.

— George anawafunsa zomwezo. A Zikhalo anati msonkhano amaumva utatha kale. Paja inu mumaulengezetsa pa Misa, akatha kulengeza maukwati. Iwo aja amapemphera mpingo wina. Halo? Mwaduka?

— Ndilipo.

— Ndiye akuti masiku othirira timagawana tokha a kumtunda, iwo amangodzuka ngalande ili gwaa, kabichi atagona.

— Nanga George anawaitana bwanji?

— Anapalasa njinga khomo ndi khomo.

— Mawondo ake ndi atsopano.

— Alamu inu.

— Ayi, ndikungonena. Anthu anati chiyani?

— Anaomba m'manja. Amayi mpaka nthungululu.

— Nthungululu. Chifukwa cha bwalo lojambula pafumbi. Pamene tinkakumba ngalande ija ndi makasu, miyala ikutisenda zala, analuluta ndani?

— Analuluta malemu achemwali anga, akazi anu, Mulungu awasunge. Mawu mpaka anasasa.

— Zimenezo tizisiye. Dzina langa linatchulidwa?

— George analitchula. Anati popanda aphunzitsi a Gervazio sitikanakhala ndi madzi oti tizikanganirana.

— Anati aphunzitsi?

— Anatero, atavula chipewa.

— Ulemu wa pamaliro umenewo.

— Musatero. Anangowonjezera kuti komiti imayang'ana kumene madzi akuchokera, koma kumene amathera palibe anakaonako. Halo? Netiweki yayambanso.

— Ndikukumvani. Falesi, ndiuzeni zoona. Akufuna kundichotsa pampando?

— Loweruka kuli msonkhano wina. Osati kutchalitchi, koma kudimba la a Zikhalo, kumathero a ngalande. A kumunsi alowa m'komiti, ndiye pakhala masankho.

— Ndipo akutchula George.

— Ambiri akutero. Koma iye akukana. Akuti kusintha munthu wa pampando uthenga n'kumayendabe njira yomweyo, kabichi wa a Zikhalo afotabe. Akufuna mpando ukhale wanu, bola mubwere mudzayambe mwamvetsera anthu aja, musanayankhule.

— Mukuona? Ngakhale kukana mpando akukana mokoma kuposa mmene ine ndinauvomerera.

— Ndiye nsanje imeneyo.

— Si nsanje. Mfundo yakeyo ndi yoona, n'chifukwa chake ikundinyansa. Ikanachokera kwa munthu wa imvi ndikanaimeza bwino.

— Ndimuuze chiyani? Madzulo abwera kudzabwereka pampu.

— Muuzeni kuti sindibwera. Akhale pampando, walulutiridwa kale.

— Chabwino, ndimuuza.

— Dikirani. Musamuuze kaye.

— Ndikumva.

— Kwa a Zikhalo kuja, njinga yamoto imafika?

— Alamu, simunafikeko? Ngalande yokumba nokha?

— Ife tinalekezera pa mtengo wa mapichesi. Kumunsi anapitiriza okha. Nenani msanga, mayunitsi akutha.

— Imafika pakamlatho. Kuchoka apo mutsike pansi, muzingotsata ngalande mpaka pamene madzi asiyira.

— Kenako?

— Kenako mupitirirebe, ndi patali ndithu kuchoka pamenepo. Mukaona...

— Halo? Falesi? Ndikaona chiyani? Halo?