Buku Lopita ndi Madzi

Pasiteji ya Nkando, mayi wina wothyola tiyi anakhala pabenchi atafumbata buku lake la kuchipatala. Bambo wina amene ankadikira minibasi ya ku Blantyre ndi akazi awo analiona bukulo.

"Mayi, mumadalira kachipatala aka ka zipinda zitatu? Ine akazi angawa akudwala BP, ndikupita nawo kuchachikulu. Kuli makina, madokotala mbwee."

"Muyende nawo bwino, bambo. Inenso ndinagonako. Sabata yathunthu ankangonditchula kuti a pabedi lachisanu."

"Komabe munachira."

"Sindikana, opaleshoni amaitha. Koma BP si matenda a tsiku limodzi. Mukuliona bukuli? Loyamba linapita ndi madzi a namondwe Freddy, pamodzi ndi nyumba."

"Ndiye munayambiranso kuyezetsa zonse?"

"Kuyambiranso chiyani? Anamwino athu, a Edna, anatenga buku latsopano n'kulemba zonse kuchokera m'mutu: mankhwala anga, mlingo wake, ngakhale aja amanditupitsa miyendo. Ine ndinangokhala phee."

"Osakufunsani kanthu?"

"Anandifunsa chimodzi chokha: 'Amake Hopewell, nanga tsopano mukugona kuti?'"