Ndinachotsa Mawu a Mwana Wanga pa Chimbale

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu achinyamata amene mwabisala kumbuyoko, landirani moni m'dzina la Yesu. Andipatsa mphindi khumi. Ndiyesetsa, ngakhale kuti miyendo yangayi siidziwa kuima malo amodzi.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Goma, amene ndinaphunzitsa Chinyanja pano pa Chama kufikira tsitsi linayera. Ena mwa inu ndinakudulirani liwu lakuti manje ndi cholembera chofiira, ndipo sindinalapebe pa zimenezo. Ndabwera kudzalapa pa zina.

Ndili mnyamata, mkulu wanga pochokera ku migodi anandisiyira katoni ya mbale za galamafoni. Zinali nyimbo za atsikana akuda a ku Amereka, a zaka za m'ma 1960, mayimbidwe amene kwawoko amawatcha soul. Atatu atatu, madiresi ofanana, mmodzi akutsogolera, awiri akuvomera. Ambiri anayambira kuyimba m'tchalitchi, monga ana athuwa. Ndinawakonda, abale! Ndinawakonda kopitirira muyeso. Ndinkadziwa chaka cha mbale iliyonse ndi mzinda umene anaijambulira. Ndinkadziwanso chinsinsi chimodzi chonyansa. Nthawi zina eni kampani ankalemba dzina la gulu pa mbale, pamene mawu otsogolera ali a mkazi wina, wobwerekedwa tsiku limodzi, amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Aliyense amene anachita tsoka lokhala pafupi nane m'basi anaimva nkhani imeneyi. Ndinkamenya bondo ndi kunena kuti, "Kumeneko ndi kuba!"

Mawu amenewo muwasunge.

Ndili ndi mwana wamkazi, Tiwonge. Atakula, ndinamuphatikiza ndi anzake awiri, ndi kuwaphunzitsa nyimbo ya Mulungu m'mayimbidwe omwe aja. Tinapita kukajambula ku situdiyo ina ku Lundazi. Tiwonge ndiye ankatsogolera. Mawu anali nawo, koma anali ndi chilema chimodzi: ankapuma pakati pa liwu. Ankati chipulu, kenako kukoka mpweya, kenako mutso. Tinabwereza kakhumi. Kakhumi konse anapuma pomwepo.

Patatha mlungu ndinabwerera ku Lundazi mobisa, nditatenga Esinati, mtsikana wa kwaya ya ku Chikwa. Iyeyo ndinamuuza kuti tikungoyesa mawu. Wojambula ndinamuuza kuti achotse mawu a mwana wanga, aikepo a Esinati. Bamboyo anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, manje mwana wanu adziwa?" Ndinamuyankha kuti ntchito yake ndi mabatani. Pa chikuto cha chimbale ndinaikapo chithunzi cha Tiwonge ndi dzina lake.

Ine, abale. Ine womenya bondo m'basi uja!

Nyimbo inatuluka pa wailesi Loweruka, msika utadzaza. Amayi a tomato anamukumbatira Tiwonge, akululutira. Tiwonge anafika kunyumba thumba la ndiwo lili m'manja, naima pakhomo.

"Adada, uyu akuyimba pa wailesi ndani?"

Ndinati, "Ndakuteteza ku manyazi."

Sanalire. Anaika thumba pansi. M'mawa mwake anakwera basi kupita kwa azakhali ake ku Lundazi, ndipo zaka zitatu zinatha osamva liwu lake, ngakhale pa foni.

Mtendere unandithawa. Mpando unkanditentha. Ndinkachoka kunyumba kupita ku msika, ku msika kupita ku chipatala, ku chipatala kubwerera ku msika, wopanda chogula, wopanda wodwala wokamuzonda. Tsiku lina ndinapalasa njinga kufika ku Kambombo, ndipo nditatsika sindinadziwe chimene ndadzera. Anamwino anati magazi akuthamanga. Galamafoni ndinaiphimba ndi nsalu. Komabe pakamwa panga pankatuluka mawu amodzimodzi: ndinamuteteza, ndinamuteteza.

Za ukwati wa Tiwonge ndinamva kwa anthu a m'njira. Atabadwa mwana, mkazi wanga NyaLungu anapita kukamuona. Pobwera anakhala pa mphasa, nsapato osavula.

"A Goma, mwana wanu manje ndi mayi. Koma khanda likalira amangoligwedeza, pakamwa pali tseke. Ndinamufunsa, 'Iwe, suyimbira mwana?' Akuti, 'Amama, mawu anga ndi aja anachotsedwa.'"

Alongo anga, inu amene munaberekapo mwana kumsana, ndiuzeni. Mayi wosayimbira khanda lake! Ndinazungulira nyumba kasanu. Ndinafuna kupemphera, mawu anakana. Ine mwini mawu, mawu anakana.

Masana omwewo, dzuwa la Okutobala likuswa mutu, ndinatulutsa katoni ija kunsi kwa bedi, sindidziwa chifukwa chake. Chiswe chinali chitalowamo. Zikuto zonse zinali dothi. Mapepala a pakati pa mbale, pamene pamalembedwa mayina, anali atadyedwa. Panatsala mbale zakuda zokhazokha, zopanda dzina. Ndinatola imodzi, ndinaipukuta, ndinatsitsa singano.

Ndinamuzindikira pomwepo. Anali mkazi wobwerekedwa uja, amene ndinkamulirira m'basi. Ndinamuzindikira ndi chiyani? Pa ndime yachiwiri amakoka mpweya pakati pa liwu. Zaka zoposa makumi anayi ndinkadikirira kampweya kameneko nthawi iliyonse mbale ikazungulira, ndipo ndi pamenepo pamene tsitsi linkandinyamuka. Mwa mlendo ndinkati ndi mtima. Mwa mwana wanga ndinati ndi chilema.

Apo Mulungu anandigwetsa. Ndinagwada pa dothi la chiswe, ndipo pemphero langa linali la mawu awiri okha: ndine wakuba.

Ndinayambira ku Chikwa, chifukwa ndinabera anthu awiri. Esinati anati, "Ndinadzimva pa wailesi, aphunzitsi. Ndinangoti mwina ndi mmene zimakhalira." Si mmene zimakhalira. Lero ndikutchula pamaso panu: mawu amene munawamva aja ndi a Esinati Nyirenda.

Ku Lundazi ndinapeza kuti wojambula uja, Mulungu amudalitse, sanandimvere kwathunthu. Mawu oyamba anawasunga mu kompyuta. Anandiikira pa kakhadi ka foni. Tiwonge ndinamupeza pa makina osokera, pakhonde la sitolo. Ndinagwada.

"Adada, nyamukani, anthu akuona. Manje mufuna ndichite nako chiyani?"

"Palibe, mwanawe. Ndi mawu ako. Ndinawaba, ndabweza."

Anakaponya m'kabati ka makina, pamodzi ndi mabatani ndi ulusi. Anamasula mwana kumsana, nandipatsa kuti ndimunyamule. Sanayimbe. Ndinabwerera ku Chama ndi fungo la mdzukulu pa malaya, basi.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Kunyumba sanafikebe, akuti mwina pa Khirisimasi. Ndimayendabe kwambiri, koma tsopano ndimadziwa kumene ndikupita. Mankhwala ndikumwa. Mbale zopanda mayina zija ndimaziyimba Lamlungu masana, NyaLungu akudandaula za phokoso.

Koma mwezi wathawu foni inalira ndili m'munda. Unali uthenga wa mawu, wopanda moni. Khanda likulira, makina atasiya, ndipo pansipansi mayi akuyimba nyimbo yathu ija. Anafika pa liwu lija. Anapuma pakati penipeni, abale. Kawiri!

Ndinakhala pansi pa mzere, khasu lili pambali, ndipo ndinaumvera kufikira batire linatha. Sindinakonzepo kanthu.

Ulemerero ukhale kwa Mulungu, amene anatumiza chiswe kwa mphunzitsi. Ameni.