Zala Zanga ndi Mlandu wa Alamu

Abusa, akulu a mpingo, abale nonse, moni m'dzina la Ambuye. Ndaimirira kuti ndichitire umboni. Sindine wolankhulalankhula, choncho mumve kamodzi.

Mukundidziwa. Ndakalambira pa ntchito yosoka makoka pano pa Nkhudzi. Chaka chatha zala zinayamba kutupa, manja onse awiri. Kukacha zinkauma gwa, mpaka dzuwa kufika pamutu. Batani la malaya linandikanika. Ine, munthu wosoka khoka lalikulu la chilimira!

Abale anga anati ndalodzedwa, ndipo wondilodza ndi mkamwini. Ankanena alamu, amuna a mlongo wanga, chifukwa tinakanganapo za bwato. Mwinimbumba ndine. Ankangodikira mawu anga kuti awatayire katundu panja, ana asanu atsale opanda bambo. Ena a inu munalipo. Musawerame, ndikukuonani.

Ndinati, "Munthu sachoka pamudzi chifukwa cha zala zanga. Ndiyambe ndakamva kuchipatala."

Popita ku Mangochi, anyamata a chipani anaimitsa basi kufuna makhadi a umembala. Yanga inali m'thumba, koma kuitulutsa ndinalephera. Anachita kupisamo okha, anthu akuonerera. Ndinangoluma mano.

Adokotala sanapupulume. Anafunsa nthawi imene zala zimamasuka. Anadina mfundo iliyonse, dzanja ili ndi ili, mawondo omwe. Anatenga magazi. Nditabwererako anati, "Bambo, iyi ndi nyamakazi. Thupi lili ndi asilikali ake olimbana ndi matenda. Anuwa asokonezeka, akumenya mfundo zanu zomwe."

Ndinati, "Ndiye kuti mfiti ndine ndemwe?"

Anaseka. Anati, "Nthendayi siitheratu, koma imagonja."

Anandipatsa asipirini womwa nditadya. Anati manja ndizinyika m'madzi ofunda m'mawa, zala ndizizipinda ngakhale zikupweteka. Kenako anandipatsa kolokwini.

Ndinati, "Adokotala, ndilibe malungo."

Anati, "Ndikudziwa, bambo. Amagwiranso pa nyamakazi, koma amachedwa. Imwani monga ndalembera, osaonjeza, ndipo muzibwera tizikuonani maso."

Mwezi woyamba, palibe kusintha. Thupi kungoyabwa. Mwezi wachiwiri, palibe. Abale anabweranso. "Mwaona? Adokotala anuwo sadziwa kanthu, akupatsani mankhwala a malungo. Tiyeni akakutemereni mphini, ndipo mfitiyo ichoke." Mlongo wanga anasiya kudya. Alamu anamanga katundu okha, ndinaona mtolo pakhomo.

Ndinapita kunyumba kwawo, ndodo m'khwapa poti m'manja sinkagwirika. Ndinati, "Alamu, masulani mtolowo. Wokuchotsani pano ayambe wachotsa ine."

Kunena zoona, abale, mumtima ndinkanjenjemera. Ndinapemphera mwachidule: "Ambuye, musandichititse manyazi."

Mwezi wachinayi, m'mawa wina, ndinamanga batani. Limodzi lokha. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Wina anandinong'oneza kuti ndinene pano kuti ndachiriratu. Ayi. Bodza m'kachisi sindinena. Taonani zalazi, ziwiri izi zinapindikiratu. Kukazizira zimandikumbutsa. Mankhwala ndikumwabe. Koma ndikusoka. Ndikusoka, abale!

Alamu, imirirani, anthu akuoneni. Khoka loyamba limene manja awa asoka atamasukanso ndi la munthu uyu. Za bwato zija tikambiranabe, musaganize kuti ndaiwala. Koma mfiti sindinu, ndipo pamudzi paja simuchoka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anapatsa adokotala aja nzeru, ine n'kundipatsa liuma. Tsopano kondwerani nane. Inu a manja abwino, ombani mwamphamvu. Ine ndiomba pang'onopang'ono.